Momwe mungaonere London n'kudya bwino thumba lisanaume

Alendo ambiri akafika ku London koyamba amathera ndalama pa zinthu ziwiri: matakisi ndi chakudya cha pakhomo pa malo otchuka. Pofika tsiku lachitatu thumba lauma, mzinda asanauone n'komwe. Chonsecho zinthu zambiri zosangalatsa mumzindawu amaonetsa ulere, ndipo chakudya chokoma chili m'misika ndi m'madera momwe eni mzinda amakhala. Ngati muli ndi masiku atatu kapena anayi, yendani motere.

Choyamba, konzani za mayendedwe musanachoke pabwalo la ndege

Mukatera pa Heathrow musathamangire takisi. Sitima yapansi pa nthaka, imene eni ake amaitcha Tube, ili ndi njanji ya Piccadilly yoyambira pabwalo pomwepo mpaka pakati pa mzinda, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Elizabeth line, yomwe idatsegulidwa mu 2022, ndi yachangu koma mtengo wake ndi wokwererako. Polipira mumangogunditsa khadi la ku banki pakachipangizo kachikasu ka pageti, kapena mugule khadi la Oyster pasiteshoni n'kuikamo mapaundi angapo. Mabasi ofiira aja adaleka kulandira ndalama zapamanja mu 2014, choncho musakwere mutafumbata makobidi.

Gwiritsani ntchito khadi limodzi tsiku lonse. Ndalama zimene amakudulani pa tsiku zili ndi malire, ndipo mukafika pamalirewo maulendo otsalawo sakudulaninso. Mukamasinthasintha makhadi mwayi umenewu umakudutsani. Pa sitima gunditsani polowa ndi potuluka pomwe, pa basi polowa pokha. Pamakwerero oyenda okha aja imani kumanja, chifukwa kumanzere n'kwa othamangira kuntchito.

Chachiwiri, tsiku limodzi dera limodzi

London ndi wamkulu, ndipo amene amafuna kuona zonse tsiku limodzi amathera nthawi yake m'sitima. Sankhani dera, muliyende wapansi, mudye komweko.

Yambirani ku Westminster m'mawa anthu asanachuluke. Mukangotuluka musiteshoni muona nsanja ya wotchi ija pamaso panu. Dzina lakuti Big Ben kwenikweni ndi la belu lalikulu la m'kati, pomwe nsanjayo kuyambira 2012 imatchedwa Elizabeth Tower. Pafupi pomwepo pali Westminster Abbey, tchalitchi chimene amalongeramo ufumu mafumu a dzikolo kuyambira 1066.

M'tchalitchimu musafulumire. Pakati pa msewu waukulu wa m'katimo, pansi pomwe anthu amaponda, pali mwala wakuda wolembedwa dzina la David Livingstone. Iye adamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Mtima wake adaukwirira konko patsinde pa mtengo, koma thupi anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adalinyamula miyezi yambiri kudutsa m'tchire mpaka kugombe la nyanja yamchere. Lidaikidwa m'tchalitchimu mu Epulo 1874. Alendo ambiri amangoponda mwalawo maso ali kudenga. Ine ndidaimapo nthawi ndithu, ndikuganizira mapewa a anthu amene adasenza mtembowo mtunda wonse uja.

Kulowa ngati mlendo woona malo n'kolipira, ndipo si ndalama yochepa. Koma mapemphero ndi aulere kwa aliyense. Masiku ambiri a pakati pa sabata kumakhala mapemphero a kwaya cha m'ma 5 koloko madzulo. Simungazungulire n'kumajambula nthawi imeneyo, mumakhala pansi n'kupembedza nawo, koma mawu a kwaya m'nyumba imeneyo simudzawaiwala.

Kuchoka apo dutsani m'paki ya St James's kukafika ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu. Mwambo wosinthana asilikali olondera umachitika cha m'ma 11 koloko m'mawa koma osati tsiku lililonse, ndiye yang'anani pa intaneti dzulo lake. Kenaka tsatani msewu wotakata wa The Mall mpaka ku Trafalgar Square, pomwe pali National Gallery, nyumba ya zithunzi zojambula pamanja zakalekale. Kulowa n'kwaulere.

Njala ikakupezani pamenepa, pirirani pang'ono. Ine ndidalephera kupirira paulendo wanga woyamba: ndidalowa m'lesitilanti ina ya pafupi ndi Leicester Square chifukwa cha zithunzi zokongola za pakhomo, ndipo adandipatsa nyama youma ngati chikopa pamtengo wa chakudya cha masiku awiri. Ndikadayenda mphindi zisanu zokha ndikadafika ku Chinatown, mumsewu wa Gerrard Street. Kumeneko yang'anani malo amene abakha owotcha apachikidwa pawindo ndipo m'kati mwadzaza mabanja a Chitchaina. Itanitsani mpunga ndi bakha wowotcha, mudzakhuta n'kutsala ndi chenji.

Chachitatu, perekani tsiku lathunthu ku mtsinje wa Thames

Ili ndiye tsiku limene ndimalikonda koposa. Wolokani mlatho wa Westminster, mukhotere kumanzere, n'kumatsata mtsinje chakum'mawa. Kuchoka pamenepo kukafika ku Tower Bridge ndi mtunda wa pafupifupi makilomita anayi, njira ya oyenda pansi okhaokha. Mudutsa London Eye, chigudumu chachikulu cha mamita 135. Ngati ndalama zili zowerenga, chioneni ndi maso basi. Chakutsogolo kuli Tate Modern, nyumba imene kale inkapanga magetsi koma kuyambira 2000 imaonetsa zaluso zamakono, nayonso yaulere. Kutsidya kwake kumaoneka denga lobulungira la tchalitchi cha St Paul's.

Konzani kuti nkhomaliro ikupezeni pa Borough Market, pafupi ndi siteshoni ya London Bridge. Msikawu uli pansi pa milatho ya njanji, moti uku mukudya uku sitima zikugunda pamwamba pa mutu wanu. Pali tchizi chachikulu ngati matayala a galimoto, buledi wotentha, masoseji akulira pachiwaya, mpunga wa nsomba za m'nyanja ukubwata m'mapoto otakata. Musagule pa benchi yoyamba. Zungulirani kaye msika wonse, lawani tizidutswa timene ogulitsa amapereka, muone pomwe pali mzere wa anthu ovala zakuntchito, pamenepo mpomwe pali chakudya chabwino. Mipando ndi yochepa, ambiri amadya chiimire. Lolemba msikawu sutsegula, ndipo Loweruka masana kumakhala chikhamu chosadutsika, choncho tsiku la pakati pa sabata ndilo labwino.

Mukakhuta pitirizani mpaka ku Tower Bridge, mlatho wa nsanja ziwiri wa mu 1894 umene umatseguka pakati kuti zombo zidutse. Kuwoloka wapansi sikulipira. Kutsidya kuli Tower of London, linga limene mfumu William the Conqueror idayamba kumanga zaka pafupifupi 950 zapitazo. Ngati pali malo amodzi oti mulipire polowa paulendo wonsewu, ine ndikadasankha awa. M'menemo amasunga zisoti ndi ndodo zachifumu, ndipo pandodo ina pali chidutswa chachikulu cha dayamondi ya Cullinan, imene idakumbidwa ku South Africa mu 1905. Gulani tikiti pa intaneti, ndipo mukalowa pitani kuzisotiko poyamba mzere usanatalike.

Madzulo ake yendani chakumpoto ku Brick Lane, dera la anthu ochokera ku Bangladesh, komwe ngakhale mayina a misewu adalembedwa m'Chibengali. Anyamata oima pakhomo adzakuitanirani chakudya cha curry chotsika mtengo. Ayankheni mwaulemu, koma werengani kaye mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake musanalowe. Kumapeto kwa msewuwo kuli mabekale akale a Ayuda ogulitsa tibuledi tobowoka pakati tothira nyama yang'ombe yamchere ndi mpiru wowawa. Imodzi mwa mabekalewa, Beigel Bake, satseka usana ndi usiku.

Chachinayi, sungani British Museum kuti mukaione tsiku la mvula

Mvula ya ku London siichenjeza, ndiye tsiku limene kwacha ndi mitambo pitani ku British Museum. Idakhazikitsidwa mu 1753 ndipo kulowa n'kwaulere. Musayese kuimaliza. Sankhani zitatu: mwala wa Rosetta umene udathandiza akatswiri kuwerenga zolemba za Aigupto akale, mitembo youmika ya ku Egypt, ndi zipinda za Africa zimene zili pansi. Kumeneko kuli zosula zamkuwa za ku Benin zimene asilikali a Britain adalanda mu 1897, zomwe dziko la Nigeria likupemphabe kuti zibwerere kwawo. Zioneni mukudziwa mbiri imeneyo.

Dzuwa likawala m'malo mwa mvula, kwerani boti pa Thames kupita ku Greenwich, mukakwere kaphiri ka m'paki muone mzinda wonse uli pansi panu.

Chachisanu, dziwani kadyedwe ka eni mzinda

M'malesitilanti ambiri amawonjezera pa bilu ndalama ya operekera zakudya, kawirikawiri 12.5 peresenti. Yang'anani pansi pa pepalalo, ngati yalembedwa kale simufunika kusiyanso ina. Madzi akumwa pemphani a pampopi, ndi abwino ndipo salipiritsa, koma mukangoti madzi akubweretserani a m'botolo odula. Mu pub, malo omwera aja amene amagulitsanso chakudya, musakhale pansi kudikira wokufunsani: onani nambala ya tebulo lanu, mupite pakauntala, muitanitse ndi kulipira pomwepo. Lamlungu masana ndiyo nthawi yolawa nyama yowotcha ndi mbatatesi, masamba ndi msuzi wake, chakudya chimene mabanja amadyera limodzi. Nsomba ndi tchipisi gulani m'kashopu ka m'dera lokhala anthu, akathire mchere ndi viniga, mudye zili zotentha.

Masiku ena nkhomaliro ingakhale ya m'supamaketi. Tesco ndi Sainsbury's amagulitsa sangweji, chakumwa ndi kachakudya kena pamodzi pamtengo wotsika, ndipo mutha kukadyera pabenchi m'paki.

Mukatopa ndi buledi ndi mbatatesi, kwerani sitima ya Victoria line mpaka kumapeto kwake ku Brixton, kapena pitani ku Peckham mumsewu wa Rye Lane. Kumeneko kuli mashopu a anthu a ku West Africa ndi ku Caribbean, odzaza ndi chinangwa, therere, nthochi zophika, nsomba zouma ndi ufa woyera wa chimanga. Ku Brixton lawani nkhuku ya jerk yowotcha pamakala, ku Peckham mpunga wa jollof. Tsabola wake ndi waukali, choncho akakufunsani kuti athire wochuluka bwanji, yambani ndi pang'ono.