Malangizo kwa Ofuna Kutengako Mbali pa Kafukufuku wa za Ndeke wa NASA

Bungwe la NASA la boma la America, kupitila mu nthambi yake yoona za kafukufuku wa ndeke, yochedwa Aeronautics Research Mission Directorate, limalengeza mitu ya kafukufuku imene lifuna kulipilila. Cilengezo cacikulu dzina lake ndi Research Opportunities in Aeronautics, ndipo mitu yatsopano imawonjezedwa m'kati mwa caka, uliwonse ndi malamulo ake ndi tsiku lake lotsekela. Kafukufuku wa pa maziko si wopanga ndeke yatsopano ayi. Ndi wofuna kumvetsa mmene mphepo imavundukila pa phiko, mmene mafuta amayakila mu injini, kumene phokoso limacokela, zipangizo zopepuka zopilila kutentha, komanso mapulogilamu a pa kompyuta owelengela zonsezi. Akatswili a NASA ocita nchitoyi ali m'malo ake ocitila kafukufuku: ku Langley ku Virginia, ku Glenn ku Ohio, ndi ku Ames ndi Armstrong ku California.

Musanalembe ciliconse, dziwani lamulo ili: NASA silipila mabungwe a kunja kwa America kuti acite kafukufuku. Yunivesite ya ku Zambia ingatengeko mbali ngati mutuwo ulola, koma mbali iliyonse imadzilipilila yokha. Pempho lanu lifunika kalata yocokela ku boma kapena ku bungwe lopeleka ndalama kuno kwathu, yonena kuti livomeleza nchitoyo ndipo ndalama zidzapezeka mukasankhidwa. Kalata imeneyi yambani kuifunafuna msanga, cifukwa ndiyo ingakucedwetseni kuposa kulemba pempho lenilenilo. Mitu ina, monga University Leadership Initiative, imatsogoleledwa ndi mayunivesite a ku America okha. Kwa ambili a ife njila yotheka ndi kulowa m'gulu lotsogoleledwa ndi yunivesite ya kumeneko, kapena kugwila nchitoyo uku muphunzila kumeneko. Dziwaninso kuti kucokela mu 2011 lamulo la America limaletsa NASA kugwilitsa nchito ndalama zake pa mgwilizano wa awili ndi dziko la China kapena makampani ake.

Pempho limatumizidwa pa intaneti kupitila pa NSPIRES, webusaiti ya NASA yolandilila mapempho. Aliyense wa m'gulu alembetse dzina lake kumeneko ndi kutsimikiza yekha kuti ali nawo. Bungwe lopempha lilembetsenso pa SAM.gov, webusaiti ya boma la America yolembetsela mabungwe, ndi kulandila nambala yozindikilitsa bungwe yochedwa Unique Entity ID, imene inalowa m'malo mwa nambala yakale ya DUNS mu April 2022. Kulembetsaku n'kwaulele, conco wina akakuuzani kuti mumulipile, mukaneni. Kungatenge milungu ndithu. Ngati mutuwo upempha Notice of Intent, kalata yacidule yodziwitsa kuti mufuna kutumiza pempho, itumizeni. Mitu ina imayenda pawili: coyamba pempho lalifupi, kenako osankhidwa amalemba lathunthu.

Wofufuza wamkulu amakonza pempho, koma wolitumiza ndi mkulu wa ku ofesi amene bungwe lanu linam'patsa mphamvu. Muuzeni tsiku lotsekela pasadakhale. Nthawi yotsekela nthawi zambili ndi ya kum'mawa kwa America, imene imatsalila kumbuyo kwa ya ku Lusaka ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo. Musapitilile ciwelengelo ca masamba, ndipo musacepetse zilembo kuti zambili zikwane.

Mapempho amawunikidwa ndi akatswili anzanu, a m'NASA kapena a kunja, amene alibe ubale ndi gulu lanu. Amayang'ana zitatu: ngati ganizolo lili lolimba pa sayansi ndipo gululo lingalikwanitse, ngati liyankha cimene NASA yapempha pa mutuwo, ndiponso ngati ndalama zopemphedwa zigwilizana ndi nchito. Amalemba pamene pempho lalimba ndi pamene lafooka, n'kulipatsa mulingo kucokela pa Excellent (labwino kwambili) kutsika mpaka pa Poor (lofooka). Cacikulu cosafunika kucipeputsa ndi caciwili cija. Ganizo lingakhale labwino zedi, koma ngati cilengezo cifunsa za phokoso la injini inu n'kulemba za madroni opopela mankhwala m'munda, simudzapita patali. Chulani vuto lenileni, njila yanu yoliyesela, ndi cimene mudzapeleka caka ciliconse.

Owunika amangolangiza. Wosankha ndi mkulu wa NASA, amene amaonanso ndalama zimene zilipo ndi mmene nchito zosankhidwa zigwilizanilana. Yankho mudzalandila mwa kalata, ndipo pemphani ndemanga za owunika ngati sizinabwele pamodzi. Kalata yoti mwasankhidwa si cilolezo coyamba kugula zinthu. Gulu la ku America liyembekezele ofisala wa NASA woona za mapangano a ndalama kuti asaine, ndipo bungwe la kunja liyembekezele pangano lolembedwa pakati pa NASA ndi amene adzalilipilila.