Kusewera Nuzlocke pa Pokémon FireRed popanda kudzinamiza

Pokémon FireRed ndinaimaliza katatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndinkangodina batani uku ndikukukuta chimanga chootcha, maso ali kwina. Mu gemu imeneyi mumagwira tizilombo totchedwa Pokémon n'kumamenyanitsa gulu lanu ndi la ena, ndipo Charizard wanga, Pokémon wa moto, ankawotcha aliyense womuimira kutsogolo, anzake asanu aja anali ongoperekeza ulendo. Gemu ikafika pamenepo imasukuluka ngati tiyi wothiridwa madzi kawiri. Msuweni wanga ndi amene anandiuza kuti ndiyambirenso, koma ndidzimange manja ndekha.

Kaseweredwe kameneka amakatcha Nuzlocke. Kanayamba mu 2010 pamene Nick Franco wa ku America ankajambula nthano ya zithunzi yofotokoza mmene ankasewerera Pokémon Ruby ndi malamulo odziikira yekha. Dzinalo ndi lophatikiza: Nuzleaf, Pokémon amene iye ankamujambula ndi nkhope ya John Locke wa m'sewero la pa TV la Lost. Malamulo enieni ndi awiri basi. Loyamba: Pokémon akakomoka pa nkhondo, wafa, simudzamugwiritsanso ntchito. Lachiwiri: pa malo alionse atsopano mumagwira Pokémon woyamba kukumana naye yekhayo. Akathawa kapena mukamupha mwangozi, malo amenewo mwawaphonya. Anthu ambiri amawonjezera lachitatu, loti aliyense wogwidwa apatsidwe dzina. Lachitatuli musalipeputse. Rattata akafa simumva kanthu, koma Mbewa amene munamulera kuchokera pa Route 1 akafa, nsima ya tsiku limenelo siikoma.

Musanayatse gemu, tengani kope ndi cholembera. Ndikunenetsa, kope lenileni. Gemuyo siidziwa kuti mukusewera Nuzlocke, palibe chimene idzakuletseni, ndiye wapolisi ndinu nokha, wakubanso ndinu nokha. Lamulo lopangidwa nkhondo ili mkati nthawi zonse limakomera mwini wake. Ine ulendo woyamba ndinadzigamulira milandu itatu ndipo yonse ndinapambana, zomwe zinandiuza kuti khoti langa linali lachinyengo.

M'kopemo muyankhe mafunso awa gemu isanayambe. Malamulo ayamba liti? Ambiri amayamba Professor Oak akakupatsani ma Poké Ball asanu, timipira togwirira Pokémon, mutamubweretsera katundu wake wochokera ku Viridian City, chifukwa musanawalandire simungagwire chilichonse. Nanga woyamba kukumana naye akakhala mtundu umene muli nawo kale? Ine ndimalola kumudumpha ndi kudikira wina, apo ayi mudzakhala ndi ma Rattata anayi ndi ma Zubat atatu. Nanga opatsidwa ngati mphatso, monga Eevee wa ku Celadon City ndi Lapras wa ku Silph Co.? Ine ndimawawerenga ngati Pokémon wa malo amenewo. Nanga onse asanu ndi mmodzi akafera nkhondo imodzi? Ena amapitiriza ndi otsala mu kompyuta ya mu gemu yosungiramo Pokémon, ine ndimayambiranso ku Pallet Town kumene gemu imayambira. Chilichonse chimene mwasankha ndi chabwino, bola chalembedwa kale.

Pali funso lina limene ife kwathu kuno sitingalidumphe: magetsi. Ine ndimasewerera pa foni, ndipo tsiku lina batire inatha ndili mkati mwa Mt. Moon, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Nditayatsanso ndinapezeka ndili ku Pewter City, Spearow wanga amene anali atafa kale ali moyo, akundiyang'ana. Kuyambira pamenepo ndinalemba kuti wafa wafa, ngakhale gemu itaiwala. Chimodzimodzinso ma save state, njira ija yobwezera gemu m'mbuyo masekondi angapo. Batani limenelo ndi limene limapha Nuzlocke mwakachetechete. Lichotseni pa sikirini ngati n'kotheka.

Posankha Pokémon woyamba, ngati ndi ulendo wanu woyamba tengani Bulbasaur, musachite manyazi. Pa atsogoleri a gym, akatswiri amene muyenera kuwagonjetsa kuti mupite patsogolo, Brock wa ku Pewter City ali ndi a miyala, Misty wa ku Cerulean City ali ndi a madzi, ndipo onsewa amagonja kwa wa masamba ngati Bulbasaur. Charmander ndi wa anthu ofuna kuvutika kuyambira pa chipata. Ngati mwamusankhabe, pitani ku Route 22 kumadzulo kwa Viridian City mukayese mwayi wa Mankey, chifukwa Low Kick wake amagwetsa Onix wa Brock. Mukakumana ndi Rattata m'malo mwake, pepani, ndi mmene zimakhalira.

Ndalama zoyamba musathere pa ma Poké Ball okha. Poké Ball ndi 200, Potion (mankhwala obwezera mphamvu) 300, Antidote (mankhwala a poizoni) 100, ndipo pa zitatuzi chotchipacho ndi chimene chimapulumutsa moyo mu Viridian Forest. Weedle akabaya Pokémon wanu ndi poizoni, mu FireRed poizoniyo amapitirira kudya nkhondo itatha, HP (nambala ya moyo wa Pokémon) imodzi pa mapazi anayi alionse, mpaka kukomoka. Kufera panjira yopita ku chipatala cha Pokémon Center ndi imfa yopweteka kuposa zonse chifukwa mumaiwona ikubwera, sikirini ikung'anima. Ine sindilowa m'nkhalango imeneyo popanda ma Antidote atatu.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ma Pokémon anga ambiri anafera pomwepa. Mu gemu iyi, kumenya kulikonse kuli ndi mwayi umodzi pa 16 woti kukhale critical hit, ndipo kukatero kumapweteka kawiri. Umodzi pa 16 umamveka kutali, koma pa ulendo wonse mudzamenyedwa kambirimbiri, ndiye idzabwera ndithu. Choncho musamafunse kuti kodi ndipirira kumenya kwina? Muzifunsa kuti kodi ndipirira kumenya kumeneku kukabwera kawiri? Mdani akachotsa HP 15 inu mwatsala ndi 28, muli pangozi ngakhale mzere wa moyo ukuoneka wotalikirapo. Sinthani Pokémon, kapena mwetsani Potion. Anthu amati afera tsoka, koma nthawi zambiri ndi ulesi wowerengera. Ine ndinataya Nkhunda, Pidgeotto wanga, kwa Starmie wa Misty chifukwa ndinaona kuti mdani watsala pang'ono ndipo ndinati ndimalize basi. Water Pulse ya Starmie inakhala critical hit, nkhani inathera pomwepo.

Adani ena ndi ofunika kuwadziwa mayina musanakumane nawo. Rattata akafika level 13 amaphunzira Hyper Fang, ndipo kambewa kamene munkakaseka kaja kamayamba kuluma ngati galu. Geodude, Graveler, Koffing ndi Voltorb amatha kudziphulitsa ndi Selfdestruct, imene mu gemu iyi imadula chitetezo chanu pakati isanamenye. Mbewa wanga, atakula kale kukhala Raticate, anafera mu Rock Tunnel kwa Geodude wa Hiker wina, HP yake ili yodzaza. Mukawaona amenewa, ikani kutsogolo Pokémon wa miyala, kapena wa mizukwa ngati muli naye, chifukwa amene uja kuphulikako sikumukhudza n'komwe. Ku Diglett's Cave, kufupi ndi Vermilion City, pitaniko ndithu, popeza Diglett ndi mankhwala a Lt. Surge, mtsogoleri wa gym wa ma Pokémon a magetsi: magetsi sagwira Pokémon wa nthaka. Koma lowani ndi wouluka kutsogolo. Nthawi zina amatuluka ndi Dugtrio wamkulu kuposa gulu lanu lonse, ndipo ena ali ndi Arena Trap imene imakuletsani kuthawa pokhapokha muli ndi mapiko.

Pa Pokémon Center ya pa Route 4, pakhomo pa Mt. Moon, pali bambo wogulitsa Magikarp pa 500. Pa kusewera wamba amaoneka ngati wakuba. Pa Nuzlocke ndi mngelo. Kansombako n'kopanda ntchito mpaka level 20, kenako kamasanduka Gyarados amene angakunyamuleni theka la gemu. Wanga ndinamutcha Chambo. Mungokumbukira kuti magetsi amamupweteka kanayi, ndiye kwa Lt. Surge asapondeko.

Mukazolowera, mudzaona kuti pali njira yozembera: kukhala mu udzu maola ambiri kukulitsa gulu mpaka aliyense akhale wamphamvu kuposa mdani. Si kuba, koma zimabweza kusukuluka kuja kumene munkathawa. Mankhwala ake ndi malire a level. Musalole aliyense kupyola Pokémon wamkulu wa mtsogoleri wa gym yotsatira. Mu FireRed manambala ake ndi 14 kwa Brock, 21 kwa Misty, 24 kwa Lt. Surge, 29 kwa Erika, 43 kwa Koga ndi Sabrina, 47 kwa Blaine, 50 kwa Giovanni. Ena amawonjezera kusamwetsa mankhwala nkhondo ili mkati, komanso kusintha Battle Style kuchoka pa Shift kupita pa Set kuti gemu isamakupatseni mwayi wosintha mwaulere mdani akagwa. Zitatuzi pamodzi ndi zimene amazitcha hardcore. Pa ulendo woyamba tengani malire a level okha. Lamulo labwino ndi limene limakukakamizani kuganiza. Limene limangokudyerani nthawi ndi batire, lisiyeni.

Mng'ono wanga, amene Pokémon amaiona ngati ya ana, amachita zofanana pa gemu ya mpira: pa career mode, mmene mumayendetsa timu ngati manejala, sagula wosewera aliyense, amangokweza ana a mu akademi, potengera Athletic Bilbao ya ku Spain imene imaseweretsa obadwira kapena okulira m'dera la Basque okha. Amandiseka ndikalira Raticate, koma iye anakhala masiku awiri osandiyankhula timu yake itatsika ligi.

Akufa mungawamasule, gemu n'kuwachotsa kotheratu, kapena kuwasunga mu bokosi lapadera mu kompyuta. Ine ndimasunga. Bokosi lomaliza ndimalitcha MANDA, ndipo m'kope muja ndimalemba dzina, level, malo ndi chimene chinamupha. Mzere womalizawo ndi wothandiza kwambiri, chifukwa mukawerenga pambuyo pa imfa zisanu mudzaona kuti cholakwa chanu ndi chimodzi chomwecho chobwerezabwereza. Changa chinali kufulumira kumaliza mdani wotsala pang'ono.

Ulendo wanga woyamba wolemba m'kope unakafika ku Indigo Plateau, malo a nkhondo zomaliza, ndi ma Pokémon anayi okha odalirika. Kumeneko mumakumana ndi Lorelei, Bruno, Agatha ndi Lance motsatizana popanda kubwerera ku chipatala, kenako mdani wanu wa ku Pallet Town amene Pokémon wake wamkulu ali pa level 63. Lorelei ndinamudutsa, Bruno ndinamudutsa, Gengar wa Agatha ananditengera awiri. Chambo anagwa kwa Dragonite wa Lance, ndipo Venusaur, amene ndinamutcha Gogo, anatsala yekha kwa mphindi ziwiri. Ndinatseka foni, ndinakachapa mbale zimene sizinali zanga kuchapa, madzulo ake ndinatsegula tsamba latsopano m'kope. Pa Route 1 anatuluka Rattata, level 3. Ndinamutcha Mbewa 2.