Mankhwala a shuga akudula? Yambani mwawerenga dzina laling'ono pabokosi

Matenda a shuga sali ngati malungo oti mumwa mankhwala masiku atatu n'kuchira. Mapiritsi ake ndi a tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. M'zipatala za boma amaperekedwa ulere, koma akatha wodwala amathamangira ku famase ndi ndalama za m'thumba mwake. Kumeneko ambiri amalipirira dzina la kampani, pomwe mankhwala omwewo alipo otchipirako.

Choyamba, tengani bokosi lanu muliyang'anitsitse. Nthawi zambiri limakhala ndi mayina awiri. Lolembedwa mokulitsa ndi la malonda, laling'ono pansi pake ndi dzina lenileni la mankhwalawo. Glucophage ndi metformin, Daonil ndi glibenclamide, Diamicron ndi gliclazide, Amaryl ndi glimepiride. Metformin anayamba kuperekedwa kwa odwala shuga ku France mu 1957. Chilolezo choti kampani imodzi yokha ipange mankhwala atsopano chimakhala cha zaka 20, ndipo chikatha makampani ena, ambiri a ku India, amayamba kupanga. Iwowa sanawononge ndalama pa kafukufuku woyamba uja, n'chifukwa chake amagulitsa motsika. Mankhwala awowo akavomerezedwa ndi boma, amagwira ntchito m'thupi chimodzimodzi.

Chachiwiri, pemphani adokotala kapena a clinical officer alembe m'buku lanu la kuchipatala dzina lenilenilo pamodzi ndi mphamvu yake, monga metformin 500 mg kapena 850 mg. Mukafika ku famase funsani kuti, “Muli ndi metformin wa kampani ina wotchipirako?” Musachite manyazi, ndalama ndi zanu.

Kenako werengerani mtengo wa piritsi limodzi, osati wa bokosi. Mabokosi ena amakhala ndi mapiritsi 30, ena 100. Ngati mumamwa awiri patsiku, pamwezi mukufunika 60. Funsani m'mafamase awiri kapena atatu musanagule.

Tsopano apa ndi pamene ndikupempha kuti musamale kwambiri. Ngati pabokosi lanu pali zilembo XR, SR kapena MR, mankhwalawo amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba tsiku lonse. Sangalowedwe m'malo ndi piritsi wamba ngakhale dzina ndi mamiligalamu zikufanana, chifukwa kamwedwe kake n'kosiyana. Nayo insulin, mankhwala a shuga obaya, musasinthe nokha. Ina imagwira msanga, monga Actrapid, ina imatenga nthawi, monga Insulatard, pomwe Mixtard ndi yosakaniza ziwirizo. Komanso pabotolo pamalembedwa mphamvu yake, monga U-100, ndipo jakisoni wobayira ayenera kugwirizana nayo. Insulin yotchipa ilipo ndithu, koma kusinthako achite ndi adokotala.

Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe limalembetsa mankhwala muno m'Malawi. Mapiritsi apamsika kapena apadepoti, omwe akhala padzuwa tsiku lonse, asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Onaninso tsiku lomwe mankhwalawo adzathere mphamvu.

Mukasintha kampani, piritsi likhoza kusintha mtundu kapena kukula. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, koma musamwe akale ndi atsopano limodzi poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Pa masabata oyambirira yezetsani shuga pafupipafupi. Mukamanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire kapena njala yodzidzimutsa, makamaka ngati mukumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, n'kutheka kuti shuga watsika kwambiri. Imwani chakumwa chotsekemera nthawi yomweyo, kenako pitani kuchipatala.

Ngati ndalama zavutadi, musadule piritsi pakati kapena kudumpha masiku kuti mankhwala akhalitse. Shuga wokwera amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Pitani ndi buku lanu ku kiliniki ya shuga ya chipatala cha boma, monga ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, muwauze achipatala mmene zinthu zilili kuti akusankhireni mankhwala omwe mungakwanitse.