Musanagule makoilo atsopano, yezani kaye magetsi

Anzanga amene mwamanga ma amplifier, ma spotlight ndi zina pa magalimoto anu a Altezza ndi Subaru kuno ku Lusaka, injini ikayamba kudukizadukiza, nyale za pa dashibodi n'kumathwanima, musathamangire kugula mapulagi ndi makoilo (tizipangizo totumiza moto ku mapulagi). Nthawi zambiri vuto limakhala magetsi osakhazikika, ndipo kompyuta ya injini ndi makoilo sizigwira bwino magetsi akamakwera ndi kutsika.

Tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, muiike pa DC ndipo zingwe zake muzigunditse pa mitu iwiri ya batire. Injini ili chizimire, batire yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6V. Mukailiza, iyenera kukhala pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Kenako yatsani zonse, nyale, fani, wailesi, muone ngati nambala ikugwa kapena kuvinavina.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timaiwala waya wa earth, wolumikiza negative ya batire ku chitsulo cha injini. Ikani chingwe chimodzi cha mita pa negative ya batire, china pa chitsulo cha injini, injini ikulira. Zikapitirira 0.2V, waya uja wachita dzimbiri kapena wamasuka. Fumbi la mu Okutobala ndi madzi odikha m'misewu ya ku Kanyama nthawi ya dzinja zimadya malo olumikizira. Ine ndinawononga ndalama pa makoilo anayi, chonsecho linali bawuti limodzi lofunika kukwecha ndi sandipepa.

Earth ikakhala bwino, tembenuzani mita ku AC, zingwe zili pa mitu iwiri ya batire, injini ikulira. Kupitirira 0.5V ndiye kuti ma diode, tizipangizo ta mkati mwa alternator yomwe imatchaja batire, apsa. Onaninso lamba wa alternator ngati sakuterereka.