Fizo asamathere kuchipatala, afike ndi kusukulu komwe

Makolo, aphunzitsi ndi inu amayi a mother group kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, tatiyeni tikambeko za ana athu aja ochedwa kukula, kaya anachedwa kulira pobadwa, kaya anadwala chikasu ali khanda kapena malungo aakulu okomoka nawo aja, lero dzanja linapindika, miyendo ndi youma, wina zaka 7 koma mawu sakutuluka bwino. Ambiri mumayesetsa ndithu, deti ikakwana mwana kumbuyo ulendo ku fizo, kuja amawongola ndi kulimbitsa ziwalo, ku boma, ena mpaka ku Queens kapena ku Kachere ku Blantyre. Koma ndi kamodzi pamwezi basi, kabaza anakwera mtengo, mayi mbandakucha ali kale ku esiteti kothyola tiyi, ndiye masiku enawo mwana amangokhala pamphasa, pamene minofu imapitirira kuuma osadikira deti yanuyo. Chonsecho kusukulu amapezekako masiku 5 pa sabata, mphindi 15 zokha za fizo tsiku lililonse zimasintha zambiri.

Musayambe ndi zongoganizira chonde. A fizo amuone kaye mwanayo, akulembereni m'kope zinthu zitatu zoti azichita, akuonetseni ndi manja, inu mukaonetse aphunzitsi. Pa sukulu ina ndinapeza munthu akuwongola mwendo wa mwana mwamphamvu ngati akuwongola waya, mwana akulira, iye nkumati akhala bwino, mtima unandiwawa zedi. Kuwongola nkwa pang'onopang'ono, mwana akakwinya nkhope mwafika polekezera.

Zipangizo tili nazo pakhomo. Nsungwi ziwiri zokhwima za mamita atatu, mukhomere pa mitengo ya mphanda kuseri kwa kalasi, zifike m'chiuno mwa mwanayo, azigwira uku ndi uku nkumayenda. Zala zimalimba ndi kukanya dongo, kupana mapegi pa chingwe, kutola zotsekera za mabotolo nkumaponya m'chitini. Ndinaona kamtsikana kena ka Sitandade 1 katagwira chotsekera ndi chikhatho chonse, malovu akutsika, kanalimbana nacho mpaka chinalira ngwee m'chitinimo, anzake anakuwa ngati chigoli. Ndi dzanja lomwelo lidzagwire pensulo. Muziyikapo anzake awiri atatu, pa yekha amatopa msanga.

Nthawi ya phala ndiye samalani kwambiri. Akhale tsonga, mapazi agunde pansi kapena pa njerwa, mutu usagwere chagada, supuni pang'onopang'ono. Kumudyetsa atagona phala limalowera ku mapapo, chibayo chija chimabwerabwera chimayambira pomwepa.

Amene sayankhula mukamuyezetse kaye makutu, ena vuto ndi kusamva, ndipo ku Bvumbwe kuli sukulu ya Mountain View ya ana osamva. Ngati akumva, jambulani pa katoni kapu ya madzi, chimbudzi, mbale ya phala, aziloza chomwe akufuna inu nkumatchula dzina lake. Mukamufunsa werengani chamumtima mpaka 10 musanamuyankhire, akuluakulufe timafulumira kwambiri.

Ahedi, kubweza mwana pa geti chifukwa cha ulumali lamulo limaletsa kuyambira 2012. Ngati mulibe mphunzitsi wa special needs, amene amaphunzira ku Montfort ku Nguludi aja, kafunseni a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yanu, ku ofesi yawo ku TDC kuti resource centre, malo othandizira ana olumala pa maphunziro, yapafupi ili kuti, aphunzitsi akumeneko azibwerako kudzaona kope lija ngakhale kamodzi pa teremu.

China, ambiri mwa anawa amagwanso khunyu. Akagwa m'kalasi musathawe, sipatsirana ayi, ndipo supuni kapena chala mkamwa musaike. Chotsani madesiki pafupi, juzi pansi pa mutu, akasiya kuphupha mumugoneke cham'mbali. Zikapitirira mphindi 5 kapena zikabwereza asanatsitsimuke, pezani njinga yamoto kapena galimoto mupite naye kuchipatala, wina athamange kukauza amayi ake.