Kakhomedwe ka bokosi lodzalamo masamba

Kuno ku Salima, makamaka cha ku Senga Bay uku, dothi ndi mchenga wokhawokha, ukathirira madzi amangolowa pansi, ndiye bokosi limathandiza kwambiri.

Pezani matabwa a bulugamu owuma bwino, paini ayi chifukwa chiswe sichichedwa kumudya, ndi malata akale koma asakhale odyeka ndi dzimbiri. Khomani kaye felemu ya matabwa, mulitali mita imodzi ndi hafu, mulifupi masentimita 60 kuti dzanja lizifika pakati, kuya masentimita 40 basi. Dulani lata mulikhomere mkati mwa felemuyo ndi misomali ya malata, ndipo chonde m'mphepete monse mwakuthwamo mubise ndi thabwa, ana amakonda kugwiragwira angachekeke.

Pansi boolani mabowo ambirimbiri ndi msomali waukulu, bokosilo likhazikeni pa njerwa lisagunde dothi.

Chomwe ambiri amaiwala ndi dzuwa lathuli. Okutobala lata limatentha mpaka mizu kupsa, ndiye yalani masaka kapena makatoni mkati monse musanathire dothi, komanso bokosilo liikeni poti masana pazifika mthunzi.

Dothi lakuda musakanize ndi manyowa owolerana, thirirani, pakatha masiku angapo dzalani mpiru, repu kapena anyezi.