FC yakutopetsa? Dziikire malamulo ako

Mphwanga wa ku Luchenza wandifunsa za FC, gemu ya mpira wamiyendo, kuti, "Achimwene, FC ya pa PlayStation yanditopetsa, ndikungowina basi. Nditani?" Tamvera mmene ine ndimachitira.

Choyamba, lowa mu Career Mode, momwe umayendetsa timu ngati manejala, koma Real Madrid ndi Man City uzisiye. Tenga timu ya mu League Two, ligi yachinayi ya ku England, momwe muli matimu 24. Kuti ukafike mu Premier League uyenera kukwera katatu.

Kenako kweza mlingo wa kuvuta kwa gemu ufike pa World Class, ukazolowera upite pa Legendary.

Lamulo limene ndimalikonda kwambiri nali: osagula wosewera ngakhale mmodzi. Tumiza ma scout (ofufuza osewera aluso), uzilera ana a mu akademi okhaokha. Kamnyamata ka zaka 16 kamene unakatola wekha kakamwetsa chigoli pa mphindi ya 90, umadzambatuka pabenchi osadziwa, anzako a pashopu ya magemu n'kumangokuyang'ana.

Ukagonja, usazimitse makina kuti uyambirenso. Pokhapokha magetsi akathima masewero ali mkati, apo ndiye ubwereze.

Malamulowa uwalembe pakapepala, umate pambali pa TV, mnzako akhale mboni. Ukaphwanya limodzi, gulitsa katswiri wako tsiku lomwelo.